Tsiku Limene a Wailesi Anayankhula Popanda Womva

Dzina loti a Wailesi anawapatsa ndi anthu achipongwe a mumsewu wawo, chifukwa munthuyo sankayankhula. Sikuti anabadwa osayankhula, ayi. Anali ndi chibwibwi, chija chenicheni chogwira munthu pakhosi, maso n'kutong'oka, mitsempha n'kuima, liwu lili pamlomo pomwepa koma osatuluka. Ali mwana anzawo ankawatsanzira mpaka kuwaliza. Atakula anaona kuti bola kungotseka pakamwa, ndipo anaphunzira ntchito yometa anthu, poti kumeneko amayankha ndi manja.

Kachipinda kawo kometera kanali pakati pa golosale ndi shopu yowotcherera zitsulo. Munali mpando wozungulira womwe unaleka kalekale kuzungulira, galasi lalikulu long'aluka pakona, benchi la odikira, ndi msomali wopachikapo mashini ometera. Makasitomala ankawakonda kwabasi. Mukuwadziwa inu ometa ena aja, ukangokhala pampando ayamba za mpira, za ndale, za mkazi wa mwini, lumo lili pakhosi pako. Kwa a Wailesi munthu unkatha kugona tulo n'kudzuka mutu uli bwinobwino.

Kunyumba kunalibe njala ya mawu, poti akazi awo, mayi wosoka zovala, ankayankhula za anthu awiri. Ndisawanamizire, sanali oipa mtima. Anali achangu basi, ndipo sankapirira kuona mwamuna wawo akulimbana ndi liwu ngati akuzula chitsa. A Wailesi akati, "Mayi, so-so-so..." iwo anali atayankha kale: "Sopo watha, ndikudziwa, ndigula." Akati, "Mwa-mwa..." yankho linali lakuti, "Mwana waimba foni, ali bwino, akuti mayeso ayandikira." Chodabwitsa n'chakuti sankaphonya. Koma a Wailesi zinkawapweteka pansi pa mtima. Mwana wawo wamkazi anabadwa, anakula mpaka kupita kukoleji, bambo ake asanamalizepo okha nkhani imodzi yaitali m'nyumbamo.

Za filimu zinabwera ngati nthabwala. Mnyamata wina wa ndevu zosapesa, yemwe anzake ankamutchula kuti Dula chifukwa ndilo liwu lomwe ankakuwa akafuna kuti kamera iime, anadzapempha kuti ajambulire mbali ina ya filimu yake m'chipinda chometeracho. Nkhani yake inali ya wometa amene mkazi wake walongedza katundu, akumusiya. A Wailesi anavomera ndi mutu. Tsiku lojambula, Dula anafika ndi wa kamera, magetsi a pamiyendo yachitsulo, ndi mayi wina wa zisudzo atanyamula sutikesi yopanda kanthu. Koma munthu woti akhale wometa uja sanaoneke, ndipo foni yake inali yozima. Dula anazungulira kachipindako akutukwana chamumtima, kenaka anaima n'kuwayang'ana eni malowo kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Madala, bwanji inuyo? Nkhope muli nayo, lumo mumaligwira kale."

A Wailesi anapukusa mutu n'kuloza pakamwa pawo. "Ndi-ndi-ndili ndi chi-chi..."

"Chibwibwi? Chilibe ntchito chimenecho! Ife pano mawu sititola. Mukulimva phokosolo?" Analoza khoma, kuseri kwake komwe makina opalira zitsulo anali kulira ngati nkhumba ikuphedwa. "Titati titole mawu muno, mufilimu mungamveke zitsulo ndi mahutala a minibasi. Timajambula zithunzi zokha, mawu timakaika pambuyo kusitudiyo. Inu mungoyendetsa milomo. Nenani zilizonse, kaya muwerenga manambala, kaya mutchula mitengo ya tomato. Palibe akumva."

Zoti palibe akumvazo zinawalowa a Wailesi mpaka m'mafupa. Chibadwire chawo anali asanaimepo pamalo poti angatsegule pakamwa popanda khutu lowadikira.

Kujambula kopanda mawu n'kwa chisokonezo, musamve. Kamera ikuyenda, Dula akukuwa ngati kondakitala: "Mayi, nyamulani sutikesi! Yang'anani kuchitseko! Musandiyang'ane ine! Madala, ikani lumo pansi, atsatireni, yankhulani, yankhulani!" Kuseriko zitsulo zikulira, panja ana akusuzumira pawindo, wa golosale akufunsa ngati nayenso aonekamo. A Wailesi anayang'ana msana wa mayi wa sutikesi uja ukulowera kuchitseko, ndipo m'mutu mwawo munabwera msana wina, wowerama pamashini osokera. Anatsegula pakamwa.

Mawu anatuluka. Anatuluka ngati madzi a pampopi tsiku lomwe abwerera atasowa, osakodwa, osabwereza. Iwo eni sankadzimva chifukwa cha phokoso, ankangomva chifuwa chikunjenjemera. Ndipo sanatchule mitengo ya tomato. Ananena zomwe anazisunga zaka zonse zoti adzawauze akazi awo, zomwe sizikanatheka kuziyamba pakati pa sopo ndi foni ya mwana. Palibe anamva, ngakhale mayi wa sutikesi amene anali pafupi. Dula anaiwala kukuwa liwu lake lija mpaka wa kamera anachita kumugunda ndi chigongono.

"Eee, madala! Mumabisala kuti masiku onsewa? Ndiye chibwibwi chake chiti? Zomwe mwanenazo muzisunge, mudzazinena nokha kusitudiyo. Sindikufunanso mawu a munthu wina."

Madzulo ake wa kamera anawatumizira pafoni kachigawo ka zomwe anajambulazo, kopanda mawu. Apa m'pamene a Wailesi analakwitsa. Chimwemwe chinawapusitsa, anakaonetsa akazi awo. Mayiwo anaimitsa mashini, anachotsa mapini pakamwa, n'kuonera kachithunziko mobwerezabwereza, foni itayandikira kumphuno.

"Bambo, ndinu amene? Pakamwa pothamanga chonchi? Mumanena chiyani apa?"

"Mu-mu-mudzamva. Mufi-filimumo."

"Ndi mawu anuanu?"

A Wailesi anagwedeza mutu kuvomera.

Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Sabata isanathe, aliyense wobwera kudzayesa diresi anali atamva kuti amuna a atelala aja ayankhula mufilimu, ndipo ayankhula ngati loya. Mayiwo anagula nsalu yobiriwira n'kuyamba kudzisokera diresi yodzavala tsiku loonera. Ankaisoka akuimba. A Wailesi akamva nyimboyo ankakumbukira chinthu chimodzi chomwe mayiwo sankachiganizira: kusitudiyo kukakhala womva.

Anayamba kuyeserera. Pakakhala popanda kasitomala ankatseka chitseko, kuyatsa mashini ometera kuti azilira, n'kuima pagalasi. Mawu ankabwera ndithu, mwina kukodwa pang'ono apa ndi apo. Koma munthu akangogogoda, lilime linkauma pomwepo. Chakudya chinasiya kulowa. Tsiku lina anamuboola mphunzitsi wina chigamba kumbuyo kwa mutu, chinthu chomwe chinali chisanachitikepo, mpaka anachita kumumeta mpala kuti abise manyazi. Wowotcherera zitsulo uja, yemwe anali mnzawo wa nthabwala, ankawakuwira pakhomo: "A Wailesi, mabatire mwagula? Tikufuna tidzamve nkhani zonse!" Iwo ankaseka ndi mano okha, mtima uli m'mwamba.

Situdiyo yake inali chipinda cha kumbuyo kwa nyumba ya munthu. M'makoma anakhomamo matiresi akale ndi mathireyi a mazira, pawindo anatsekapo ndi bulangeti. Chitseko chitatsekedwa munagwa bata loopsa, loti munthu n'kumva m'mimba mwako mukulira. A Wailesi anali asanamvepo bata lotere. Patebulo panali mtsikana wa makina, wa magalasi, wodekha, yemwe aliyense ankangomuti Sisi. Anawaimika kutsogolo kwa maikolofoni, n'kuwaveka zomvera m'makutu.

"Bambo, muziyang'ana pakanemapo. Milomo yanu ikayamba kuyenda, inunso muyambe. Kagetsi kofiiraka kakayaka ndiye kuti ndikutola. Musaope, tili tokha."

Anali okha kuti? Dula anali atakhala pampando chapafupi, chibwano chili m'manja, makutu ali tcheru. Ndipo m'zomvera zija a Wailesi ankamva mpweya wawo womwe, kumeza malovu kwawo komwe, zonse zitakula ngati za ng'ombe. Kagetsi kanayaka. Pakanema panaoneka wometa akuika lumo pansi, akutsatira mkazi, akutsegula pakamwa.

"Ma-ma-ma-ma..."

Wometa wa pakanemayo sanawadikire. Anapitiriza kuyankhula, manja akuyenda, maso ali ndi misozi, mpaka anamaliza zonse, mwini wake akadali pa liwu loyamba.

"Palibe kanthu, tibwereze," anatero Sisi.

Anabwereza. Anabwerezanso. Thukuta linali kamukamu, malaya anamatirira kumsana. Sisi anawapatsa madzi. Anayesa zoti azinena liwu limodzilimodzi kuti iye adzalumikize, koma liwu lililonse linkatuluka lopunduka, lalitali, losakwana pamilomo ya pakanema ija. Dula atamufotokozera za makina a zitsulo aja, mtsikanayo anawaikira phokoso m'makutu kuti asadzimve. Apo mawu angapo anatuluka bwino, mtima wawo unadumpha, koma maso anagwera pa kagetsi kofiira kaja, kenaka pa Dula atasendera kutsogolo kuti amvetsetse, basi mawu anakodwanso. Mankhwala awo sanali phokoso. Tsiku lija anayankhula chifukwa panalibe womva, ndipo muno ntchito yake inali kumva.

Panja panayamba kumveka anthu a kwaya omwe inali nthawi yawo yolowa. Dula anadzikanda ndevu, anayang'ana Sisi, Sisi anayang'ana pansi.

"Madala, musadandaule, zimachitika. Tichite chonchi: tandiuzani pang'onopang'ono zomwe munanena tsiku lija, kaya mundilembere, ndizinene ine. Mawu anga ndi aakulu, akukhalani."

A Wailesi anapukusa mutu mwamphamvu. Mawu amene aja, osungira mkazi wawo, akatulukire pakamwa pa mnyamata wosapesa ndevu? Bola afe nawo.

"Ndiye ndipeka anga ogwirizana ndi milomoyo. Filimu siingaime, madala."

Anavula zomvera zija n'kuziika patebulo mosamala, ngati mmene amaikira lumo. Anafuna kunena kuti zikomo koma nalonso linakana.

Atafika kunyumba anapeza akazi awo akupinda m'munsi mwa diresi yobiriwira ija.

"Bambo, mwabwera! Zayenda bwanji?"

"Za-za-za..."

"Zayenda! Ndimadziwa ine. Khalani pansi, mwatopa."

Aka kanali koyamba kuti mayiwo aphonye. Liwu lomwe linakodwa linali lakuti zakanika, ndipo a Wailesi analimeza. Anadziuza kuti awauza mawa. Mawa lake anadziuza kuti awauza diresi ikatha. Diresi itatha, mayiwo anaivala n'kuzungulira nayo pabalaza ngati mtsikana, ndipo munthu wa mtima wake sakanatha kunena kanthu pamenepo. Anayamba kupemphera zinthu zochititsa manyazi: kuti kompyuta ya Sisi ipse, kuti Dula asamuke, kuti tsiku loonera magetsi azime dera lonse. Koma zinthu zikafuna kukuchititsa manyazi zimayenda bwino zedi. Filimu inatha, magetsi sanazime.

Anaionetsa Loweruka masana muholo ya sukulu ina, mawindo atatchingidwa ndi makatani akuda. A Wailesi anakhala kutsogolo, akazi awo pambali, kumbuyo kwawo kuli wowotcherera zitsulo, wa golosale, ndi gulu la amayi osoketsa zovala lomwe linabwera kudzamva loya. Za kumayambiriro kwa filimuyo a Wailesi sanazione. Anangokhala manja ali pamaondo, akuyang'ana chitseko chotulukira chomwe chinali kutali ngati kumudzi. Kenaka pachinsalu panaoneka galasi long'aluka pakona, ndipo amayi akumbuyo aja anayamba kugundana. Akazi awo anawagwira dzanja.

Wometa anaika lumo pansi. Anatsatira mkazi. Anatsegula pakamwa, ndipo muholo monse munamveka mawu aakulu, osalala, onona ngati a wolengeza maliro pawailesi yeniyeni: "Wokondedwa wanga, duwa la mtima wanga, ukandisiya dzuwa silidzatulukanso..."

"Wailesi yayaka!" anakuwa wowotcherera zitsulo, ndipo holo yonse inaphulika ndi m'manja ndi nthungululu. Anthu anakhulupirira, abale inu! Wa golosale ankauza oyandikana naye kuti makina a masiku ano amachapa mawu, chibwibwi chonse n'kutsala m'sefa. Mayi wina anali kupukuta misozi. A Wailesi sanayang'ane kumbali. Anangomva dzanja lija likumasuka pang'onopang'ono, n'kubwerera pamwendo pa mwini wake.

Potuluka anthu anawaunjirira, kuwagwira chanza, kuwamenya pamsana. Dula anawatsinzinira diso ali patali. Akazi awo anamwetulira aliyense, anayankha moni yense, anavomera kuti inde, amuna awo ndi akatswiri. Kenaka anati, "Tiyeni, bambo," n'kutsogola. Njira yonse yopita pokwerera minibasi sanayankhule, ndipo amene ankawadziwa mayiwo angakuuzeni kuti bata lawo linali loopsa kuposa la kusitudiyo. A Wailesi ankatsatira kumbuyo, akuyang'ana msana wobiriwirawo ukupita.

Pokwerera panalibe anthu ambiri. Mayiwo anaima pafupi ndi benchi la simenti, chikwama chili m'manja, maso ali kumsewu.

"Mawu aja ndi a mnyamata wa ndevu uja."

Silinali funso. A Wailesi anagwedeza mutu.

"Duwa la mtima wanga! Inuyo? Mwayesa ndingakhale ndi munthu zaka zonsezi osadziwa kutsokomola kwake komwe? Anthu aja apusitsike, ine ayi." Anayang'ana diresi yawo. "Zandiwawa, bambo. Sikuti chifukwa cha anthu, anthu asangalala. Koma ine diresi iyi ndinasokera kudzamva inu. Bwanji osandiuza kuti zinakanika?"

A Wailesi anangoti zyoli.

"Ndipo milomo yanu ndimaiyang'ana ine. Simanena za maluwa pamene paja. Nkhope imene ija sindinaionepo m'nyumba mwathu." Anatembenuka n'kuwayang'ana m'maso. "Munanena chiyani tsiku lija?"

Apa panalibe zitsulo zolira, panalibe mashini ometera. Panali womva mmodzi, yemwe uja amene ankamuopa kuposa maikolofoni, ataima pafupi moti ankamva fungo la nsalu yatsopano. A Wailesi anafuna kuloza pakamwa n'kupukusa mutu monga mwa masiku onse. M'malo mwake anakoka mpweya.

"Ma-ma-mayi. Ine ndi-ndi-ndima... ndima..."

Pakamwa pa mayiwo panatseguka pokha, mwa chizolowezi, kuti amalize. Panakhala chotsegula. Sanali sopo, sanali mwana, sinali lendi. Anafufuza m'mutu monse ndipo sanapeze liwu lotsatira, chifukwa ulendo uno sankadziwa komwe mwamuna wawo akulowera. Anatseka pakamwa.

Minibasi inaima, kondakitala akumenya chitseko. "Awiri, awiri! Mayi a diresi yobiriwira, malo alipo, tiyeni!"

"...ndimao-o-opa," anatero a Wailesi, mitsempha itaima, maso atatong'oka, anthu a m'minibasi akuwayang'ana pawindo. "Ndimaopa kuti tsi-tsi-tsiku lina mu-mu-mudza... mudzatopa nane."

"Mukwera kapena simukwera?" anakuwa kondakitala.

Mayiwo anamubweza ndi dzanja osamuyang'ana n'komwe. Anaika chikwama pansi, anakhala pabenchi la fumbi lija ndi diresi yawo yatsopano.

"Apo ndi poyambira chabe, pakanema paja munayankhula nthawi yaitali," anatero. "Pitirizani, bambo. Ibwera ina."